Kiyi wa ku Manambala

Mateyu anapisa dzanja m'thumba la jekete la malemu, nkhope yake n'kuwala ngati ya munthu amene wakhudza mbewa kuuna. Anatulutsa kiyi womangidwa pa kachingwe ka nsapato, wokhala ndi kachitsulo kolembedwa 412.

"Ndi ameneyu," anatero, akuonetsa onse amene anali pakhonde. "Nyumba ya achimwene ndi imeneyi."

Panali pakhomo pa Margareta, mlongo wamkulu wa malemu Alexio, m'mudzi wina kuseri kwa Chezi, masiku asanu chiikireni maliro. Dzulo lake anthu anali atameta, moti mitu inkangonyezimira padzuwa la Okotobala. Bokosi lachitsulo la malemu linali lotsekula, katundu akugawidwa. Nsapato zinapita kwa amalume amene sanavalepo nsapato chibadwire, ndipo anazikhazika pamiyendo ngati mwana wa eni.

Modesta, mkazi wa malemu, anakhala pamphasa maso ali pansi. Za jekete ndi nsapato analibe nazo ntchito. Chimene ankadikira n'chakuti azilamu ake amusudzule, anene pamaso pa anthu kuti wamasuka, akwere mapiri kupita kwawo ku Ntchisi kumene mlongo wake Bonifasi anamusungira munda. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse. Wamasiye wosasudzulidwa sachoka pamudzi wa maliro, ndipo mvula yoyamba ikamupeza pakhonde la eni, chaka chonse adzadya chopempha.

Vuto linali makalata. Alexio anakhala ku Rodeshiya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akugwira ntchito pa fakitale ya sopo, ndipo cholembera chake chinalibe manyazi. Katekisti ankawerenga makalatawo Misa ikatha, anthu atazungulira. Nyumba yanga ya njerwa ku lokeshoni ya Manambala. Madzi otuluka m'chitsulo. Nyale zoyaka zokha pamitengo yopanda masamba. Basi yodutsa pakhomo. Mudzi wonse unkaidziwa nyumbayo kuposa mmene unkadziwira boma la Dowa.

Choncho maliro asanazizire n'komwe, Mateyu, mng'ono wa malemu, anali atapereka khasu lake kwa katekisti. Mkazi wake Lenia anali atatsazika amayi a kuchitsime, mtondo wake n'kupatsa mnansi. Mateyuyo anayambanso kuyenda manja ali m'mbali ngati ali m'matumba, chonsecho kabudula wake analibe thumba ndi limodzi lomwe.

"Alamu," anatero Mateyu, atakhala pa mpando wokhawo umene unali pakhomopo, "mukudziwa kuti chuma cha mwamuna chimabwerera kwa abale ake. Ingotiuzani basi yokwera ndi potsikira."

"Nyumbayo si ya abambo a Maria," anayankha Modesta motsitsa mawu, kutanthauza malemu mwamuna wake.

"Ndi ya yani tsono? Yanu?"

Margareta anasiya kupinda malaya a malemu. Anali mayi wa mawu ochepa koma olemera. "Mlamu wanga, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma anthu akunong'ona kuti mukufuna tikumasuleni msanga kuti mubwerere ku nyumba ya njerwa ija nokha. Nkhani ya nyumba isanawongoke, sitikusudzulani."

Zoona zake Modesta anali nazo pakamwa pomwepo, koma anakumbukira Alexio ali m'basi, akutsokomola m'kansalu, atamugwira dzanja. "Amayi a Maria, musakawauze kuti atichotsa. Mukanene kuti tabwera pa tchuthi." Chifuwa chitakula ntchito inatha, ndipo ku Manambala nyumba imatha tsiku lomwelo limene ntchito yatha. Munthuyo anali wonyada mopusa, koma anali wake, ndipo Modesta sanafune kumuvula pamaso pa mudzi ali m'manda. Anaganiza zongomuopseza Mateyu kuti aleke yekha.

"Alamu, kumene kuja si kokoma monga mumamvera. Mpopi ndi umodzi wa nyumba makumi awiri. Mumaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi."

"Uli kutsidya kwa phiri ngati chitsime chathuchi?"

"Ayi, uli kumapeto kwa mzere wa nyumba."

"Mumatuluka achule?"

"Satuluka."

"Mwamva, Lenia? Pitirizani, alamu."

"Khoma lake n'lopyapyala. A nambala 413 akamapemphera korona, ife tinkayankha tili kwathu. Akamakangana ndi mkazi wawo, abambo a Maria ankaweruza mlanduwo osadzuka pampando."

"Ndiye kuti munthu sasowa wocheza naye," anatero Mateyu mokondwa.

"Mlendo amafunika chitupa. Apolisi a lokeshoni amabwera kudzawerenga anthu m'nyumba, mpaka kusuzumira pansi pa bedi. M'bale wanu akapitirira masiku atatu, amamutenga."

Mateyu anayang'ana pabwalo, pamene achibale a kutali anali atagona pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lachisanu linali limenelo akudya chimanga cha pakhomopo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaoneka kuti akukumbukira njira ya kwawo.

"Lamulo limenelo analiganizira bwino," anatero.

Nzeru ya Modesta inali kukanika. Choipa china n'chakuti pamene ankanyoza Manambala, mtima wake unkamutsutsa. Zaka zisanu ndi zitatu anakhalako, ndipo anakukonda. Lendi inali yoti wantchito wa pa fakitale n'kukwanitsa, chipatala chinali choyenda pansi, ndipo mvula ikagwa munthu ankafika kutchalitchi miyendo ili yoyera. Ankawasowa amayi a pamzere wa mpopi aja, a zilankhulo zinayi, amene ankatukwanirana malo m'mawa n'kubwerekana mchere masana. Koma anaponya mwala wake womaliza.

"Nkhuni mumagula. Nkhwani mumagula. Kulima n'koletsedwa. Mukadzala kanthu m'mbali mwa msewu, amabwera ndi zikwakwa."

Mateyu anaimirira pang'onopang'ono. "Mwati kulima n'koletsedwa?"

"N'koletsedwa."

"Kuno a malimidwe akutiyeza mizere ndi ndodo, kumeneko boma lomwelo la chitaganya likuletsa munthu kugwira khasu." Anapukusa mutu, misozi ili pafupi. "Lenia, achimwene anali kumwamba asanamwalire."

Ngakhale Margareta anabisa pakamwa ndi nsalu. Modesta anaona kuti wagwa nayo. Akanati anene kuti kumeneko kumagwa njoka m'malo mwa mvula, Mateyu akanayankha kuti ndiwo zilipo zambiri.

Margareta anabwerera kubokosi kuti amalize ntchito. Pansi penipeni, kunsi kwa bulangete, anapeza sokosi yaitali yakhaki, yonenepa, yomangidwa kukamwa ndi luzi. Mateyu anailanda msanga, poganiza kuti zachuma zimabisidwa motero. Luzi litaduka, pamphasa panakhuthuka chimanga, waa.

Anthu anaseka. Amalume aja anaseka mpaka nsapato imodzi inagwa.

"Munthu wa nyumba ya njerwa kusunga chakudya cha nkhuku m'sokosi," anatero Mateyu. "Matenda aja anafika kumutu."

Margareta sanaseke. Anatola njere imodzi n'kuiyang'anitsitsa. Inali yaing'ono, yolimba, yoyera koma yamizere yofiira kumutu. Anailuma ndi mano akutsogolo, kenako anakhala pansi pamphasa.

"Ichi n'chimanga cha amayi," anatero.

Aliyense wamkulu ankachidziwa. Amayi awo a Margareta ankalima chimanga chimenechi kuphiri, chosafumbwa, cha ufa wonunkhira. Chinatha ndi njala ya 1949, pamene anthu anadya ndi mbewu yomwe. Margareta anachifunafuna mpaka ku Madisi, osachipeza, ndipo amayiwo anamwalira akuchitchula.

"Anachitenga kuti?" anafunsa Margareta.

Apa Modesta anaiwala kusamala. "Tsiku limene ankanyamuka, amayi anawapatsa chimanga chimodzi chosasenda kuti akakazinge panjira. Sanadye. Anakadzala kudambo kuseri kwa lokeshoni, apolisi n'kutchetcha. Njere zotsala anazidzala m'madebe a palafini, atatu, n'kuwabisa kuseri kwa chimbudzi. Chaka ndi chaka, alamu. Madzi ankachita kuimira okha pamzere wa amayi, anthu akuwaseka. Chikatalika ankachiweramitsa ndi chingwe kuti ngayaye zisasuzumire pamwamba pa denga. Kapitao akamadutsa, ankayanikapo mathalauzi. Chaka china anayanikapo diresi langa la kutchalitchi, ndinapita ku Misa ndili ndi mungu kumsana."

Margareta anaseka misozi ikutsika.

"Madzulo akaweruka ankavula chipewa, n'kugwada pa madebe paja, amvekere, 'Amayi, musatalike kwambiri, angakuoneni apolisi.' Nditawauza kuti kuno chinatha, anakana kutumiza. Ankati amayi sayenda pa positi. Ankafuna adzadzale okha m'munda mwanu mvula ikagwa, mudzangoona chikubereka. Ndipo tsiku limene anatichotsa m'nyumba muja, mipando tinasiyira a 413, koma sokosiyi anaiika m'malaya."

Anazindikira mochedwa chimene wanena.

"Anakuchotsani?" anafunsa Mateyu.

Modesta anayang'ana kumanda, kumene kunkaoneka nsonga za mitengo, n'kupepesa chamumtima. "Nyumba ndi ya eni lokeshoni, alamu. Ife tinkangolipira lendi. Ntchito itatha anatipatsa sabata imodzi. Panopa mukukhala munthu wina wa ku Tete ndi ana asanu ndi mmodzi. Kiyi weniweni tinabweza ku ofesi. Uyo anasulitsa okha kwa mmisiri, kuti azidzakuonetsani. Anandipempha kuti ndisanene, ndipo ndawalakwira."

Mateyu anayang'ana kiyi uja nthawi yaitali. Manja ake anafunafuna matumba, osawapeza.

"Ndiye kuti khasu lija ndikalipemphenso kwa akatekisti," anatero potsiriza.

"Inu zanu n'zapafupi," anatero Lenia, amene anali asanayankhule chiyambire. "Ine ndinatsazika chitsime chonse. Ena ndinawauza ndi zimene ndimawaganizira."

Achibale a pansi pa mango, atamva kuti nyumba kulibe, anayamba kufunsana za njira.

Margareta anasonkhanitsa njere zonse pamphasa, ngakhale zimene zinalowa m'mipata ya bango, n'kudula muluwo pakati ndi m'mphepete mwa dzanja. Theka anakankhira kwa Modesta.

"Simunamulakwire. Za njerwa zija tinkadziwa kuti amathira mchere, anayamba ali mwana. Izi ndiye sitinkadziwa." Anakweza mawu kuti a pabwalo amve. "Mlamu wathuyu watisungira m'bale wathu mpaka kumubweretsa pakhomo. Alibe mangawa ndi ife. Tamumasula. Mawa apite kwawo akalime."

Modesta anawomba m'manja katatu, mutu uli pansi. Chimwemwe ndi chisoni zinamufikira pamodzi, ndipo sanadziwe choyamba kuchilandira.

M'mawa mwake Bonifasi anafika ndi njinga kudzatenga mlongo wake. Katundu atamangidwa, Modesta anati amudikire pang'ono. Anatenga debe lakale lobooka limene nkhuku zinkaikiramo mazira, anadzazamo dothi la kukhola, anabayamo maenje atatu ndi chala, n'kuponyamo njere za pa gawo lake. Atathirira, analinyamula n'kulunjika nalo kuseri kwa chimbudzi.

"Mlamu," anaitana Margareta ali pakhonde, "mukubisira yani?"

Modesta anaima, debe lili m'manja. Anadziseka yekha, anatembenuka, n'kukalikhazika pakati penipeni pa bwalo, poonekera aliyense wodutsa m'njira.

Mateyu, khasu lake lili paphewa ndipo kiyi uja ali m'khosi pamodzi ndi mendulo, analizungulira debelo kawiri. "Apolisi a kuno ndi mbuzi," anatero, n'kupita kukadula minga.

Modesta anamasula duku, mutu wometa uja n'kuonekera padzuwa, ndipo anagwada pa dothi monga ankachitira mwamuna wake.

"Amayi, mwafika," anatero motsitsa. "Talikani mmene mufunira."