Nyerere pa Chingwe cha Nangula

Mvula inagwa masiku anayi osakata. Itasiya Loweruka m'mawa, azakhali ake a Oralie, a Verline, anafika akukoka boti ndi galimoto, hutala ali pii pii ngati kwinakwake kwapsa.

"Tiyeni, mayi Chete! Nsomba zatopa n'kukudikirani!" anakuwa ali pawindo.

Oralie anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kulankhula kunkamuvuta kuposa masamu. Pakhomo mayi ake anamufunsa ngati watenga jakisoni, iye n'kungoloza kachikwama kachikasu m'chiuno mwake. Ali wamng'ono nyerere zamoto zinamuluma, pakhosi n'kutupa mpaka kukomoka. Adokotala anati ngakhale imodzi yokha ikhoza kumutsekera mpweya, choncho kachikwamako kasamamuchoke.

Padoko anapeza atsikana atatu a m'kalasi mwake, omwe aja ankamutcha Nesi chifukwa cha kachikwamako. Sanamuone n'komwe. Komabe Oralie anamasula lamba n'kukankhira kachikwama pansi pa mpando wa galimoto. Ankati akatenganso atsikanawo akachoka. Koma azakhali anakhoma galimoto, analiza injini ya boti, ndipo iye anachita manyazi kunena kuti dikirani.

Madzi anali ngati tiyi wamkaka, atadzaza nthambi, zipika ndi zidebe za anthu. Anayenda theka la ola pakati pa bango mpaka pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere. Pamenepo a Verline anaponya nangula kutsogolo, n'kuyamba kudula nkhanu za nyambo.

"Madzi akayipa chonchi nsomba siiona, imangonunkhiza," anatero. "Ngati amalume ako akamafuna kukhitchini. Seka, iwe! N'zaulere."

Oralie anamwetulira, n'kukhala kutsogolo kwa boti ndi mbedza yake. Namasupuni amene mvula inamuzula kumtunda ankadutsa m'magulumagulu. Gulu lina lalikulu linakodwa pa chingwe cha nangula, n'kuima. M'mbali mwa masambawo munali chinthu chofiirira, chachikulu ngati mkeka wapakhomo. Poyamba ankayesa ndi utuchi. Atayang'anitsitsa anaona kuti chikunyezimira, ndipo chonsecho chikuyenda. Zinali nyerere zamoto zosawerengeka, zitagwirana miyendo kuti ziyandame, zikufuna pouma. Zina zinali zitapeza kale chingwe. Zinkakwera pamzere, mosafulumira, kulunjika pamene iye anakhala.

"Azakhali," anatero, koma mawu anathera m'kamwa.

"Yadya! Ee, iyi ndi nkhumba, si nsomba ayi!" A Verline anali atatembenukira kumbuyo, ndodo yawo ya mbedza itapindika.

"Azakhali, nyerere."

"Zikanthe ndi chipewa. Uli ndi chikwama chako, sichoncho?"

"Chili m'galimoto."

A Verline anatembenuka. Anayang'ana m'chiuno mwa Oralie, kenako chingwe. Ndodo ija anangoitaya m'madzi ndi nsomba yomwe.

"Kumbuyo! Kwera pa bokosi la ayezi, miyendo m'mwamba. Usakhudze kanthu!"

Anadutsana pakati pa boti, ilo likupendekeka. A Verline anasolola mpeni wa nyambo n'kugwira chingwe ndi dzanja lawo, pamene nyerere zinali wirikiti. Oralie anaziona zikukuta zala, kenako mkono. Azakhali ankatukwana pansipansi uku akucheka, ndipo mpeni wobuntha uja unkangotsetsereka. Chingwe chitaduka, boti linayamba kutengeka ndi madzi omwe aja, limodzi ndi namasupuni ndi nyerere, zonse mbali imodzi. A Verline anakankha gululo ndi nkhafi, anamiza mikono m'madzi n'kuipukuta mwamphamvu, kenako anathamangira ku injini. Inalira kachitatu.

Ndi pomwe Oralie anamva kutentha pa kakolo, ngati wina wamugunditsa ndudu yoyaka. Anawerama. Inali imodzi yokha, itapinda msana, ikuluma. Anaifinya ndi chala, koma inali itamaliza kale ntchito yake.

"Yandiluma," anatero.

Azakhali sanakuwe. Izi n'zimene zinamuopsa kwambiri, chifukwa chibadwire anali asanawaone ali chete. Anatulutsa foni, anaiyang'ana, n'kuibweza m'thumba. M'bangomo foni siigwira.

"Tamvera," anatero. "Sindingathamange osaona. Tikagunda chipika, tathera pano. Khala pakati apo uyang'ane kutsogolo, ukaona kanthu kuwa. Ukapanda kuona kanthu, lankhulabe. Ndikufuna ndizimva kuti ukupuma."

"Ndilankhule chiyani?"

"Chilichonse! Nditukwane ngati ukufuna!"

Boti linadzutsa mutu n'kuyamba kung'amba madzi. Zikhatho za Oralie zinayamba kuyabwa, kenako m'makutu. Ankazidziwa zimenezi, ndi mmene zinayambira kale lija.

"Chipika kumanzere!" anatero.

"Mokweza!"

"Kumanzere!"

Chinadutsa chikukhula m'mbali mwa boti. Oralie anameza malovu, ndipo anadutsa movutikira.

"Ndamva chete. Lankhula!"

"Amanditcha Nesi," anatero, maso ali pamadzi. "Atsikana aja padoko. Ndikamadutsa amati Nesi, tabwerani, mutu ukundipweteka. Ndiye ndinavula kachikwama. Ndimati nditenga. Nthambi kumanja!"

"Ndaiona. Ndiye?"

"Ndiye munakhoma galimoto. Ndinaopa kuti museka."

"Ndikanaseka, inde. Kenako ndikanatsegula. Pitiriza."

Anapitiriza. Ananena zoti kusukulu amadyera mu laibulale, zoti pantchito ya m'magulu amanamizira kudwala. Milomo inkalemera ngati si yake, ndipo mpweya unayamba kulira kamluzu polowa. Anaganiza za mayi ake, mmene anawalozera kachikwama kaja iwo n'kukhulupirira. Anafuna kulira, koma kulira kunkafuna mpweya.

"Oralie!"

"Ndi... ndilipo."

"Werenga mitengo ya magetsi iyo. Doko lili pa wachisanu."

Anawerenga itatu mokweza. Wachinayi anangoloza ndi chala.

A Verline sanachepetse liwiro. Boti linakwera simenti ya doko ndi phokoso loti khwee, anthu n'kubalalika. Oralie anaona azakhali akuthamangira ku galimoto, nsapato imodzi itatsala m'matope, makiyi akuwagwa, akuwatola. M'mbali mwa maso ake munayamba kuda. Kenako anamva jakisoni akumubaya pantchafu, buluku lili chivalire, ndi mawu a azakhali akuwerenga mpaka khumi pafupi ndi khutu lake.

Kwa kanthawi sipanasinthe kanthu. Kenako mtima unayamba kugunda ngati ufuna kutuluka, ndipo mpweya unalowa wochepa, kenako wochulukirapo. Unkanunkha petulo ndi matope. Anaukoka mobwerezabwereza.

Azakhali anakhala pansi pasimenti yonyowa. Mikono yawo inali itatupa mpaka m'zigongono, madontho ofiira ali waa. Anayesa kudina foni kawiri, koma zala zinali ngati masoseji.

"Kuchipatala tipitabe, jakisoniyu sakhalitsa," anatero akupuma mwabefu. "Koma zala zangazi zakana. Ungathe?"

Oralie analandira foni n'kudina manambala atatu oitanira ambulansi. Mayi wina anayankha, n'kufunsa kuti vuto n'chiyani komanso ali kuti. Anthu anali atawazungulira, onse akumuyang'ana. Iye anakoka mpweya, n'kutchula dzina lake lonse, kenako dzina la doko.