Mpira Umene Kopila Sanaponye

Oweruza masewero anatulukanso ndi maambulera awo n'kukaima pakati pa bwalo. Mmodzi anapondaponda kapinga, madzi n'kutumphuka m'mbali mwa nsapato yake. Malona amene anaphimba poponyera mpira anali atasanduka dziwe.

Kopila Bohara ankawaonera pazenera la chipinda chovalira, mpira wa kiriketi uli m'manja.

"Achemwali, takhalani pansi," anatero Roshani, wogwira mpira kuseri kwa mawiketi, timitengo timene woponya amalunjika, yemwe pakamwa pake sipankapuma. "Mukuiyang'ana mvulayo ngati mwamuna woti akufunsireni. Siikukuonani iyo."

"Andipatse mpata ndiponyeko pang'ono chabe," anatero Kopila. "Aone okha."

"Ndi bondo lanulo? Likalira, a ku Kathmandu adzayesa chivomezi!"

Atsikana anaseka. Amene sanaseke anali Ishwori, kaputeni wa timuyo. Iye anakhala pakona, akumasula ndi kumanganso zingwe za nsapato.

Kopila anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ankadziwa kuti masewero a mayiko onse a ku Asia awa anali ake omaliza. Mipikisano iwiri yoyambirira sanasewere. Kochi anati bondo lake lipume, adzalifuna pa kotafainolo, pomwe adzakumane ndi timu yaikulu. Kotafainoloyo inali lero, ndipo ndi mpikisano wokhawo umene kanema wa kwawo ku Nepal analonjeza kuonetsa. Aliyense m'chipindamo ankalidziwanso lamulo: mvula ikalepheretsa masewero, timu imene ili pamwamba pa inzake m'mbiri ya zipambano ndiyo imapitirira. Yawo inali pansi.

Kwawo ku Mahendranagar, amayi ake ankagulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Kopila ali mtsikana, anthu a pamsikapo ankati mwana wamkazi wothamanga ndi thalauza padzuwa sadzakwatiwa, ndipo mayiyo ankawayankha kuti, "Mpunga umene amadya ndi wanu?" Pamene timu inkanyamuka, mayiyo anali m'chipatala ku Dhangadhi, miyendo itatupa chifukwa cha impso. Kopila anafuna kutsala.

"Utsale uzindichita chiyani? Ndiwe dokotala?" anatero amayi ake. "Pita. Hikmat wandilonjeza kuti andiikira kanema pafupi ndi bedi."

Hikmat anali mchimwene wake wamkulu. Masiku angapo apitawo, Kopila akaimba foni, Hikmat ankati amayi agona, kapena ali ndi adokotala. Akapempha kuti aonane pa vidiyo, ankati netiweki yavuta. Kopila anamuuza Ishwori kuti mtima wake sukukhazikika. Ishwori, amene anakula naye limodzi ndipo anadya m'nyumba ya mayiyo kuyambira ali ku pulayimale, anamuyankha kuti, "Iwe, chipatala cha ku Dhangadhi ukuchidziwa. Ganiza za mpira."

Dzuwa litapendeka, oweruza aja anabwera pakhomo la chipinda chovalira. Analankhula ndi kochi mwachidule, n'kugwirana naye chanza. Kochi anavula chipewa chake.

"Basi, ana inu," anatero. "Masewero alephereka. Anzathu aja apitirira. Longedzani."

Mtsikana wina anayamba kulira chamumtima. Roshani anaponya magolovesi ake m'chikwama.

"Tauluka ulendo wonsewu kudzaona mvula," anatero. "Ngati kwathu kulibe."

Mafoni, amene amalandidwa masewero asanayambe, anawabwezera eni ake. Kopila anatenga yake n'kutuluka kupita pakhonde. Ishwori anaimirira msangamsanga.

"Kopila, dikira. Tikaimbe limodzi tikafika kogona."

"Amayi akhala akudikira pa kanema tsiku lonse," anatero Kopila. "Ndiwauze kuti azimitse."

Ulendo uno sanaimbire Hikmat. Anaimbira alamu ake, a Janaki, akazi a Hikmat, ndipo anadina vidiyo. Foni inayankhidwa msanga, ngati kuti mwini wake sanayang'ane amene akuimba. Nkhope ya a Janaki inaoneka. Anali atavala nsalu yoyera yosasoka, tsitsi lili nyankhalala, pachipumi palibe kadontho kofiira kamene ankapaka masiku onse. Kumbuyo kwawo, pamapesi a mpunga oyalidwa pansi, panakhala Hikmat. Mutu wake unali wometedwa mpala.

Sikunali kuchipatala. Kunali kunyumba.

"Alamu," anatero Kopila. "Achimwene ameta chifukwa chiyani?"

A Janaki anagwira pakamwa. Kenaka anatembenuzira foniyo kwa amuna awo.

"Mlongo wanga," anatero Hikmat, mawu atasasa. "Masewero atha?"

"Amayi atisiya liti?"

"Lolemba, m'mamawa. Sanavutike kwambiri."

"Lero ndi Lachinayi."

"Ndikudziwa."

"Ali kuti?"

Hikmat anayang'ana pansi. "Mtembo wawo tinautentha tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wathu, kumtsinje wa Mahakali. Kunja kukutentha, sitikanatha kuwasunga. Iwo ankangonena za mpira wakowo, Kopila, mpaka pomaliza. Ndinati ndikakuuza, ukwera ndege, uwapeza atapita kale, ndipo zonse ziwiri zikuphonya. Ndinati usewere kaye. Mwapambana?"

"Sitinasewere."

"Bwanji?"

"Mvula."

Hikmat anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka.

"Ndinamupempha Ishwori kuti akusamale," anatero ali chophimba nkhope. "Usamukwiyire. Ndinamulumbiritsa ndine."

Kopila anadula foni. Atatembenuka anapeza Ishwori ataima pakhomo, manja ali lende.

"Unadziwa," anatero Kopila.

"Achimwene anandiimbira Lolemba lomwelo."

"Lolemba tinali m'basi kuchokera kokonzekera. Roshani ankaimba, ine ndinkavina pakati pa mipando. Iwe unkaomba m'manja."

"Ndikanatani? Ndikanalira ukanadziwa."

"Dzulo ndadya nyama, Ishwori. Nyama ndi mchere, zimene ofedwa amasala, amayi anga ali phulusa. Achimwene akugona pamapesi, akudya mpunga wopanda kanthu, ine ndikupempha kuti andionjezere nkhuku. Mbale yake unandipatsira ndiwe."

"Unafunika mphamvu."

"Mphamvu za chiyani? Tayang'ana panja!"

Mvula inkangogwabe. Anyamata osamalira bwalo anali atasiya kukankha madzi, atabisala pansi pa denga la oonerera. M'chipinda muja atsikana onse ankamvetsera.

Ishwori anapukuta maso ndi mkono wa juzi. "Ndikuwalira nanenso amayi aja. Usiku uliwonse ndimalowa m'bafa, n'kutsegula mpopi kuti usamve. Koma sindikunamiza. Si lumbiro lokha ayi. Popanda iwe, anthu aja sitikanawagwetsa ngakhale mmodzi. Ndinaganiza za timu. Mvulayi ikanapanda kugwa, ukanaponya, dziko lonse likanakuona, ndipo mwina tsiku lina ukanandithokoza."

"Mwina," anatero Kopila. "Mwinanso ukanandiuza Lolemba, ndikanalira, n'kusala mchere, n'kutsala ndekha kuti ndisewere. Amayi akanafuna zimenezo, ndikudziwa. Koma sunandifunse. Munakhala pansi awiri n'kugawana amayi anga ngati ine ndine mwana wa eni."

Analowa m'chipinda, n'kuika mpira uja m'bokosi la mipira ya timu. Roshani anayandikira, nthabwala zonse zitamuthera.

"Achemwali, ndikunyamulireni chikwama."

Kopila anamulola.

M'mawa mwake ananyamuka yekha, timu isanapeze ndege yake. Ishwori anapempha kuti amuperekeze, koma kochi anamuuza kuti amusiye. Kopila anatera ku Kathmandu, n'kukwera ina ya ku Dhangadhi, kenaka basi. Anafika kwawo masiku a maliro ali pakati. Hikmat sankaloledwa kukhudzidwa ndi munthu mpaka mwambo utatha, choncho mlongo ndi mlongo anangoyang'anana, wina pamapesi, wina pakhomo. Kopila anapita kumtsinje. Madzi anali atakwera, ndipo a Janaki anangoloza ndi dzanja pamene panali nkhuni zotenthera mtembo wa amayi.

Amayi a pamsika ankabwera kudzapepesa. Mmodzi, wogulitsa tsabola, amene kale ankatsogolera zonena zija za thalauza, anamugwira dzanja.

"Tinasonkhana tonse pa kanema wa kwa atelala, mwana wanga," anatero. "Tinati popeza mnzathu wapita, timuonere ife mwana wakeyo. Tinakhala kuyambira m'mawa. Koma ankangotionetsa malona."

Pa tsiku lotsiriza la maliro, pamene wansembe anamaliza mapemphero ndipo anthu anayamba kudya, Ishwori anafika ndi thumba la zipatso. Anaima pachipata, osadziwa ngati alowe. Hikmat anayang'ana mlongo wake.

Kopila anaimirira n'kupita kukamulandira. Anatenga zipatsozo ndi manja awiri, n'kumuyalira mphasa pamthunzi pamene panakhala alendo ochokera kutali, osati kukhitchini kumene Ishwori ankakhala nthawi zonse. Anamubweretsera madzi osamba m'manja, mpunga ndi mphodza.

"Kopila," anatero Ishwori motsitsa mawu. "Iwe, ndikhululukire."

"Mwayenda bwanji, akaputeni?" anatero Kopila. "Mwachita bwino kubwera. Idyani, ulendo ndi wautali."

Ishwori anayang'ana mbale ija. Anadya pang'ono, chifukwa pamaliro munthu sakana chakudya.

Kopila anaseweranso chaka chimodzi bondo lisanamukanike, ndipo anasewera pansi pa kaputeni yemweyo. Akamupatsa mpira ankaponya, akamuloza poti aime ankaima. Sanakanganepo. Koma kuyambira tsiku la malirolo mpaka pamene anasiya kiriketi, Kopila sananenenso kuti "iwe" kwa Ishwori.