Mphatso ya ku Samburu

Envelopu inafika m'manja mwa a Flywell keke itadulidwa kale. Munali mu holo ya tchalitchi ku Barking, kutsidya kwa nyanja, anthu atadzaza kudzakondwerera kuti mkuluyu wakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Mwana wawo wamkazi, Wendy, anagwira maikolofoni n'kuyamba ndi Chichewa chake chotsimphina.

"Adadi, ine ndi Dylan takugulirani ulendo. Mu Ogasiti mukupita ku Africa!"

Mtima wa a Flywell, womwe adokotala anauletsa kudumpha, unadumpha. Iwo anayesa kuti anawo adziwa. Ku Ntcheu, mlongo wawo Edna anali atamanga chiliza pamanda a mayi awo, ndipo mwambo wovundukula unali mu Ogasiti momwemo, kudikira iwo monga mwana woyamba. Adokotala anali atawalola ulendo umodzi wokha wa pandege asanawachite opaleshoni. Ikadzachitika, maulendo awo adzathera pa basi ndi sitima ya mumzinda ya District. Zonsezi anali asanauze ana. Ankati awauza phwando likatha.

Anang'amba envelopu. Munatuluka chithunzi cha mbidzi.

Dylan, mchimwene wake wa Wendy, anazimitsa magetsi n'kuyatsa kanema pakhoma. Kunali ku Samburu, kumpoto kwa Kenya, dziko louma la minga ndi fumbi lofiira. Mnyamatayo ankafotokoza m'Chingelezi ngati anabadwira komweko: mbidzi ya mizere yaing'onoing'ono ndi makutu aakulu, yosowa kwina konse, nthiwatiwa ya khosi lobiriwira, kagwape kakhosi lalitali kotchedwa gerenuku, komwe kamadya masamba kataimirira ndi miyendo iwiri ndipo kamatha miyezi osamwa madzi. Kenako panaoneka Asamburu eni ake, mikanda ili mbwee m'khosi, anyamata akudumpha mowongoka ngati mikondo.

"Mdala, mwasanduka mzungu!" anafuula a Greenwell, mnzawo wa ku Chipata amene ankayendetsa naye mabasi kale. "Muzavala kabudula na chisote, kuyenda kutamba, kupenyerera bantu bovina, monga kwanu ku Ntcheu kulibe bovina!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Wendy anawerama n'kuwanong'oneza bambo ake m'Chingelezi: "Za ku Malawi tinaziganizira, Adadi, koma tikudziwa kuti kumeneko simufuna. Chibadwire sitinakumvenipo mukutchula ngakhale dzina la mudzi wanu. Ndiye tinati tikupezereni Africa yomwe singakupwetekeni."

Mwanayo sananame. A Flywell anathawa kwawo mu 1983 chifukwa cha timapepala tandale, ndipo apolisi atawasowa anatenga mayi awo n'kuwasunga masiku atatu. Mayiwo atamwalira mu 1991, iwo analirira m'bafa, atatsegula mpope kuti ana asamve. Ndale zitasintha, njira inatseguka, koma chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Nkhani ya kumudzi anaitsekera bwino kwambiri, moti ana awo ophunzirawa ataona chitseko chotseka anaganiza kuti mwini wake sachifuna.

Mphatso yoperekedwa pamaso pa anthu sibwezedwa. Anaigwira envelopuyo ndi manja awiri, nathokoza, anthu n'kuomba m'manja.

Loweruka lotsatira Wendy anafika kunyumba ndi nsapato zoyendera m'thengo ndi mankhwala oteteza malungo. Ali kukhitchini kuika ketulo, foni ya a Flywell inalira. Anali Edna.

"Achimwene, chimera tanyika kale. Amalume akufunsa tsiku lomwe mutsike pa Chileka."

A Flywell anayang'ana kukhitchini. Panali mapazi asanu okha. Akanatha kumuitana Wendy, kumupatsa foni kuti amve mawu a azakhali ake koyamba, tikiti n'kusinthidwa. Koma mwanayo akanafunsa kuti chiliza n'chiyani, kenako kuti agogowo anali ndani, kenako chifukwa chake palibe anawauza. Mafunso amenewo akanakafika ku masiku atatu aja. Patebulo, gerenuku wa m'kabuku ka ulendo anali chiimire, akudya minga.

"Vundukulani, Edna," anatero motsitsa mawu. "Adokotala andikaniza ndege."

A Flywell anakanikiza foni kukhutu. Kutali, tambala wa ku Ntcheu analira.

"Chabwino, achimwene. Amayi anazolowera kukudikirani. Amene tatopa ndife."

Foni inaduka. Wendy anatulukira ndi makapu awiri a tiyi.

"Anali ndani, Adadi?"

"Munthu wina wakumudzi."

"Oh. Tayesani nsapatozi, mwina n'zothina."

A Flywell anawerama pang'onopang'ono, monga anawalangizira adokotala, n'kumanga zingwe. Anaimirira, nayenda kufika pawindo n'kubwerera. Nsapatozo zinawakwana ndendende.