Gerishon Asiya Kukwera Chulu

Kumudzi kwa Gerishon, kufupi ndi Matandani, netiweki imapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa minda ya mbatatesi. Wofuna kumva za dziko amakwera pamenepo, foni m'mwamba.

Gerishon anakwera chulucho m'mawa uliwonse kwa milungu itatu. Bungwe lina linkafuna alangizi a zaulimi, ndipo iye ndi mnzake Lonjezo atakayesedwa mafunso anauzidwa kuti mayina a opambana adzatuluka pa webusaiti. Ntchitoyi ankaifuna ndi mtima wonse, poti satifiketi yake inali itagona m'sutikesi zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsiku lina ku Neno boma, mayi Constance okonza mafoni anamuikira pulogalamu ina.

"Musamavutike kutsegula webusaiti tsiku lililonse, achimwene," anatero mayiwo. "Akangoikapo chatsopano, pulogalamuyi izikubweretserani, foni izilira."

Gerishon anabwerera kumudzi ali munthu wina. Chulu anachisiya.

"Inu zikwerani, a Lonjezo, mame akunyowetseni. Ife nkhani zimatipeza pakhonde."

Ndipo pakhonde anakhaladi, foni pabondo, mwendo pamwamba pa unzake. Nyumba yake ili m'chigwa momwe ngakhale meseji wamba siifika, koma munthu akakhala wotsogola saganiza zazing'ono ngati zimenezi. Foni inangoti zii, iye n'kumadandaula kuti mabungwe a masiku ano ndi aulesi.

Lachitatu lina Lonjezo anatsika pachulu akuthamanga.

"Mayina atuluka! Lanu lilipo! Akuti tikaonekere Lachisanu."

Gerishon anayang'ana foni yake, n'kuseka chamumtima. Anaona kuti mnzakeyo akufuna kubwezera chipongwe chija pomuyendetsa ulendo wachabe.

"Zikanakhala zoona ikanalira, eti? Pitani nokha."

Lolemba lotsatira anakweza matumba a mbatatesi panjinga kupita kumsika. Atangofika pamtunda, foni inalira m'thumba. Pamndandanda wa opambana, dzina lake linali pamwamba penipeni. M'munsi mwake analemba kuti amene sadzaonekera Lachisanu, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Anawerenga katatu, mtima ukumuwawa kwambiri. Pulogalamu ija sinaname ayi.

Mwezi wotsatira mlangizi watsopano anafika m'munda mwa Gerishon pa njinga yamoto ya bungwe. Anali Lonjezo, ndipo anamuphunzitsa mwaulemu kwambiri kapangidwe kabwino ka mizere.