Tsiku Limene Ralitsa Anathamanga ndi Buledi

Mwana wanga Zdravko anachedwa kuyenda. Anzake obadwa nawo chaka chimodzi anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku, iye akukhwekhwerezabe matako pansi, miyezi makumi awiri yathunthu. Adokotala a mumzinda wa Plovdiv anati miyendo ndi yofooka chabe, ndiziiwongola m'mawa ndi madzulo. Ndinkatero, iye akulira, inenso ndikulira.

Koma mlamu wanga Ralitsa, mlongo wake wa mwamuna wanga Kiril, ali ndi pakamwa. Anayenda khomo ndi khomo mumsewu mwathu kunena kuti mwana ndinamupundula ndine ndi ulesi, pomusiya m'kangolo ka ana tsiku lonse. Makomo asanu ndi awiri. Ndikuwadziwa onse, chifukwa azimayi ake anayamba kundipatsa moni wa pamaliro.

Lamlungu lina tikudya kwa apongozi, Ralitsa anandiyang'ana nati, "Alamu, musadzivute. Uyu akadzayenda, buledi wa pamwambo wake ndidzathamanga naye ndine, wopanda nsapato."

Anthu anaseka. Kiril anangoweramira m'mbale. Ine ndinadana naye mkazi ameneyu kuyambira tsikulo, ndipo mawu ake ndinawasunga ngati mbewu.

Mu Malichi Zdravko anachoka pampando n'kuponya mapazi anayi. Loweruka lake tinaitana abale ku mwambo wa mapazi oyamba. Apongozi anaphika buledi wozungulira, tinayala nsalu yoyera pansi, ndipo kumapeto kwake tinaikako buku, lumo, mpira, cholembera ndi sipanala ya Kiril. Mwana amatsata buledi pansalupo n'kutola chinthu chosonyeza ntchito yake ya mtsogolo. Akatola, m'pamene mkazi mmodzi amathamanga kukagawira buledi anthu oyandikana nawo, kuti mwanayo akhale wopepuka miyendo.

Apongozi anagubuduza buledi. Zdravko anangoima, chala mkamwa, kuyang'ana anthu.

"Mwina timunyamule," anatero Ralitsa motsitsa mawu, koma mofuna kuti ndimve.

Ndinatola buledi uja, ndinamunyemanyema, n'kumuika m'manja mwake.

"Vulani nsapato, alamu."

"Inu, zijatu zinali zocheza."

"Ine munandiona ndikuseka? Makomo asanu ndi awiri omwe aja: muyambire kwa a Donka, mukamalizire kwa a Velichka. Khomo lililonse mukanene ndi pakamwa panu pomwepo kuti Zdravko wayenda."

Apongozi anandigwira mkono. "Tsveta, mwanatu sanatole kanthu."

"Wadikira miyezi makumi awiri, amayi. Adikiranso."

Ralitsa anayang'ana mlongo wake, koma Kiril anawerama monga mwa masiku onse. Ralitsa anavula nsapato. Nyumba yonse inakhamukira kuchipata, ine patsogolo. Matope a Malichi amazizira mpaka m'mafupa, ndipo mlamu wanga anawaponda atakweza diresi lake latsopano, akuterereka, akugogoda. Pakhomo lachinayi ananena chapansipansi, ine ndinamukuwira kuti sitikumva kuno. Pakhomo lachisanu ndi chimodzi anagwa chagada, buledi ali m'mwamba kuti asade. Sindinama, mtima wanga unayera kuti mbee. Ndinaima pamenepo mpaka a Velichka atatseka chitseko.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza Kiril atakhala pansi, mwana ali pamiyendo. Nsalu inali itapindidwa, zinthu zonse zili m'dengu.

"Watola kale," anatero. "Wayenda nsalu yonse yekha, osagwira paliponse. Atafika kumapeto anatembenuka kufunafuna iwe."

"Watola chiyani?"

"Amene anali ndi mwana waona."

"Bambo a Zdravko, musandiyese. Watola chiyani?"

Ananyamula mwana n'kupita naye kukhitchini.

Mwambo umenewu sabwereza. Zdravko tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amathamanga kuposa ana onse a mumsewu mwathu. Ralitsa sindinamupepese, ndipo sindidzamupepesa. Kiril naye mpaka lero sanandiuze chimene mwana wanga anatola.