Mfumukazi Amene Anayesa Bokosi Lake

Ine ndinawauza. Ndinati, "Amayi, bokosi la maliro sayesa ngati nsapato." Mfumukazi Stanusha anangoseka. "Agogo, inu mumaopa ndi supuni yomwe." Supuni ndimaiopadi, inatsamwitsa mlamu wanga, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Iwo anali mkazi wachiwiri wa Mfumu Gostimir. Woyambayo anaikidwa m'tchalitchi, m'bokosi la mwala, ndiye a Stanusha analamula kuti lawo litalike kuposa la mnzawoyo. Mmisiri atamaliza, amayiwo anapita masana kukaliyesa, atakhuta nyama ya nkhosa ndi vinyo. Kunja kunkatentha, mwala unali wozizira bwino. Anagonamo n'kupinda manja pachifuwa kuti aone mmene adzaonekere, tulo n'kuwaba.

Wansembe wathu, bambo Pahomije, maso awo anali atayamba kuchita chidima. Anasuzumira m'bokosimo, n'kuthamangira chingwe cha belu. Kwathu kuno belu la maliro likalira, yatha. Tinamasula tsitsi, tinataya madzi onse a m'mitsuko monga mwa mwambo wa maliro, mfumu inalira mpaka mawu kusasa.

Kenako amayi aja anatulukira pabwalo akuyasamula, n'kufunsa kuti wamwalira ndani.

Pabwalo panatsala nkhuku zokha. Ine ndinabisala kuseri kwa mbiya ya kabichi, ndipo zonse ndinazimva.

"A Gostimir, tsegulani chitseko. Ndili moyo."

"Mizukwa yonse imatero, mkazi wanga," inayankha mfumu ili m'kati, ikutafuna adyo woingitsira mizukwa.

"Ndinangogona."

"Eya, tikudziwa. Bwererani mukapitirize."

Akuluakulu anabweretsa kavalo wakuda, poti kavalo wakuda salumpha mzukwa. Anauza amayi kuti agone pansi. Kavalo uja anawayang'ana, n'kutembenuka. Amayi anakuwa kuti kavaloyo ngwotsimphina kuyambira chaka chatha, koma umboni wa munthu wakufa angaumve ndani?

Chikhomo cha mtengo waminga chophera mizukwa sanawakhome nacho pamtima, chifukwa thupi la mfumukazi munthu wamba salikhudza. Anangolamula kuti azikhala m'tchalitchimo. Ineyo ndi amene ndinkawapatsira buledi ndi tchizi pa thabwa lalitali lophulira buledi mu uvuni, nditaima panja.

"Agogo, si inu munkandipesa tsitsi m'mawa uliwonse? Mukundidziwa."

"Ndikukudziwani, amayi. Musayandikire."

Anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mfumu inakwatira wachitatu m'tchalitchi chomwecho, iwo ataima pakona n'kumatsokomola dala, anthu onse akuyang'ana kudenga. Anamera imvi, mano anagweluka. Bambo Pahomije anati umenewo ndi ukathyali chabe, mizukwa imadziwa kunamizira ukalamba.

Atamwaliradi, pakati pa chisanu, panalibe wokhulupirira, ndipo belu silimulirira munthu kawiri. Ndinapitiriza kukankhira buledi pakhomo milungu itatu, iwo ali gone m'bokosi muja, mpaka mfumu inatumiza mawu oti amayiwo asiye zachibwanazo, akuwonongetsa chakudya.