Mwana wa Pakona Wasiya Kulira

Makanda khumi ndi anayi, manja awiri. Ndi mmene inalili ntchito yanga kunyumba yosungira ana amasiye. Ndinalera anga atatu, choncho kulira kwa mwana ndimakumva ngati akulankhula. Wanjala amayamba pang'onopang'ono, akutembenuza mutu kufunafuna bere. Wa mpweya m'mimba amapinda miyendo n'kukuwa mwadzidzidzi. Ameneyo umuike paphewa, umusisite kumsana mpaka ageye. Wa thewera lonyowa amangonyinyirika ngati nkhalamba. Zonsezi zili ndi mankhwala ake.

Koma wa bedi la pakona, amene anzanga anamutcha Wailesi poti sankazima, sankalirira chilichonse mwa izi. Anabwera ali ndi miyezi inayi, mayi ake atangomwalira. Mkaka wamwa, thewera ndasintha, thupi silikutentha, iye kulira basi. Ukangomunyamula, zii. Ankaika khutu pachifuwa pako, kupuma kwake n'kumatsika mpaka tulo. Ankangofuna munthu.

Tsiku langa lachitatu pantchitoyi amayi oyang'anira anandipeza ndikupukuta tebulo ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi mwanayo.

"Mayi, m'bwezereni pabedi," anatero. "Kuno sitinyamula mwana chifukwa choti walira. Azolowera manja. Nanga Loweruka inu kulibe, adzamunyamula ndani?"

"Komatu amayi, akungofuna amve kuti pali munthu."

"Onsewa akufuna zomwezo. Inu muli ndi manja angati?"

Ankanena zoona, ndipo zimenezi n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Amayiwo si ankhanza ayi, agwira ntchitoyi zaka makumi awiri mpaka msana unapindika. Ndondomeko yawo anaimata pakhoma: mkaka pa ola lake, kusamba pa ola lake, botolo kulitsamiritsa pakapilo kuti anayi amwe nthawi imodzi. Ine ndinali pa mwezi woyesedwa, kunyumba ana akudikira kudya. Ntchitoyi ndinachita kuipempha, ndiye walira mvula walira matope. Ndinamugoneka.

Analira sabata yathunthu. Pabedi lake ndinkadutsa ngati wakuba, maso kumbali, mabotolo m'manja. Akandiona ankatukula timanja, ndikapitirira mawu n'kukwera. Amayi akalowa mu ofesi ndinkaba mphindi ziwiri n'kumunyamula, koma pomubweza ankalira koposa poyamba, moti ndinaleka. Ndinadzida, ndipo nkhomaliro ndinkakadyera panja, kuseri kwa chingwe choyanikira matewera, kumene mawu ake sankafika. Sabata yachiwiri mawuwo anasasa, ankangotsegula pakamwa.

Lolemba lotsatira ndinalowa m'chipinda muli bata. Ndinathamangira pakona paja. Anali maso, akupuma bwinobwino, akuyang'ana kudenga. Thewera linali litanyowa mpaka matiresi, khungu litayamba kusupuka, iye osadandaula. Mkaka wake unachedwa ndi theka la ola chifukwa mwana wina anasanza. Sanaufunse n'komwe.

"Mwaona?" anatero amayi oyang'anira, akulemba pakhadi lake. "Waphunzira, pano ndi mwana wabwino. Inunso mwaphunzira, mayi. Mwezi wamawa mupitirize ntchito."

Ndinathokoza, nanga ndikanatani. Atangotuluka ndinamunyamula, lamulolo ndinaliponda dala. Ndinamuyimbira, ndinayenda naye uku ndi uku, ndinamuuzira kamphepo pamphumi monga ndinkachitira ndi anga kuti aseke. Thupi lake linali lende ngati chovala chonyowa, maso akudutsa pa ine kupita kwina. Ndimadziwa kutonthoza mwana wolira, koma uyu sindinadziwe poyambira.

Mulungu andikhululukire, ndinamutsina pantchafu kuti mwina alire. Anangotsinzina pang'ono, n'kutembenukira kukhoma.